Khomo Lakumpoto Silinatseguke

Lamulungu limene wansembe wathu, Bambo Osbert, analengeza koyamba ukwati wa mng'ono wanga Idony, ine ndinali wokondwa kuposa mkazi aliyense m'mudzi wa Elmsey, kungoti nkhope yanga siidziwa kuonetsa chimwemwe. Anthu amati Avice anabadwa atakwiya kale. Alekeni anene. Nsalu za paguwa amachapa ndine, osati iwo.

Abambo anaima pakhomo la mpanda wamatabwa umene umatilekanitsa ife anthu wamba ndi guwa, mtanda waukulu uli pamwamba pa mutu wawo. Ananena kuti Hamon, mmisiri wosema mitengo, ndi Idony, mwana wa malemu Hamon Brundish, akufuna kumanga banja. Kenaka anawonjezera mawu a nthawi zonse aja: aliyense wodziwa choletsa ukwatiwu anene asanathe masabata atatu, chifukwa wobisa adzakayankha yekha pa tsiku la chiweruzo. Ponena izi analoza khoma la pamwamba pa mtanda, pomwe pali chithunzi cha akufa akutuluka m'manda, ena akukwera kumwamba, ena akukokedwa ndi unyolo kulowa m'kamwa mwa chinsomba chamoto.

Kumbali ya amuna wina ananong'ona mokweza: "Kodi mayina atha padziko? Mtsikanayu akukwatiwa ndi dzina la bambo ake!" Anthu anaseka, inenso ndinamwetulirako. Ndikanadziwa chimene ndinkaseka, bwenzi nditalira.

Idony ndinamulera ndine. Mayi athu anamwalira iye ali ndi zaka zisanu, bambo anatsatira chaka cha mliri, ndipo mwamuna wanga anawalondola pasanapite nthawi, osandisiyira mwana. Choncho pamene Hamon anafika m'mudzi muno chisanu chitangotha, atalembedwa ntchito yosema chivindikiro chatsopano cha chitsime cha ubatizo, ine ndinamuyang'ana ngati nkhuku ya anapiye yaona mphamba. Munthu wopanda munda, wopanda nyumba, chuma chake chonse thumba la zosemera. Lero ali pa tchalitchi ichi, mawa pa china. Ndinamukana katatu. Ine ndinkafuna Warin, mwana wa malemu Emmot, mnyamata wa nkhosa zambiri, nyumba yake yoyandikana ndi yathu, amene anakhala akumufunsira Idony zaka ziwiri osatopa.

Koma zinthu zinkachitikira pamphuno panga pomwe. Pakhonde la tchalitchi pali kabowo m'khoma, pomwe pamakhala kambale ka madzi odalitsidwa. M'mawa uliwonse Idony ankalimbira kunditsogolera ndi dengu la nsalu, ine n'kumati mwanayu wayamba kupembedza. Osadziwa kuti kuseri kwa kambaleko kunkakhala tinthu tosema: lero kambalame, mawa kansomba, mkuja kaduwa. Ndinadzatipeza khumi ndi tiwiri titabisidwa mumphika wa nyemba.

Chimene chinandigonjetsa ndi tsiku limene ndinaona angelo asanu ndi atatu a pachivindikiro chija. Asanu ndi awiri anali angelo monga angelo onse. Wotsirizayo anali ndi kachipsera pachibwano, kamene Idony anavulala atagwa pachipata ali mwana. Ndinaima pomwepo nthawi yaitali. Munthu amene anaona kachipsera kameneko n'kuganiza kuti n'koyenera mngelo, ndinati ayi, ameneyu amutenge basi.

* * *

Lachitatu la sabata lomwelo ndinalowa m'tchalitchi kukasintha nsalu. Ndinawapeza awiriwo kumbuyo, pafupi ndi khomo lalikulu, pa chitsime cha ubatizo. Chitsime chathucho ndi mwala umodzi wa mbali zisanu ndi zitatu, wokhala pamsana pa mikango inayi yamwala, umodzi wothyoka mphuno. Hamon anali pamakwerero akuyesa chingwe chokwezera chivindikiro, Idony atagwira makwererowo ngati kuti popanda iye akanagwa.

"Alamu afika," anatero Hamon. "Ndikupatseni moni, kapena mundikalipire kaye?"

"Ulamu uyambe ukwati ukachitika," ndinayankha. "Tsika pamenepo, ungathyole angelo a eni ake."

"Mwamva, Idony? Lero andiyankha. Sabata yamawa mwina andiseka."

"Usawazolowere," anatero Idony. "Achemwali amaseka kamodzi pachaka, pa Pasaka."

Mphepo inkalowa m'ming'alu ya khomo laling'ono lakumpoto, lija limatsegulidwa pa ubatizo pokha kuti mdyerekezi akachoka mwa mwana apeze potulukira. Idony anadandaula za kuzizira. Hamon anatsika n'kukakankha chitsekocho ndi phewa kuti chikhale bwino.

"Makomo ngati ili ndili nawo mlandu ine," anatero akusisita matabwa ake. "Mayi amati ndine wosamva chifukwa mdyerekezi wanga sanatuluke."

"Sanatuluke bwanji?" anafunsa Idony.

"Ndinabadwira panjira. Bambo ankapita kukagwira ntchito kutali, mayi ali ndi pakati potopa, ndiye chipale chofewa chogwa ngati mvula chinawatsekereza m'mudzi wina umene ngakhale dzina lake mayi salikumbuka. Ndinabadwira m'khola la munthu, wofooka ngati kamwana ka mphaka. Anathamanga nane kutchalitchi m'mawa womwewo kuti ndisafe wosabatizidwa. Poti atsegule khomo lakumpoto, chipale chinali chitaunjikana kunja mpaka m'chiuno. Amuna atatu anakankha, koma ayi ndithu. Wansembe anangoti mdyerekeziyo adzionera yekha potulukira."

Idony anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Nanga makolo a ubatizo anawapeza kuti, poti munali alendo?"

"Anangotola omwe anali m'tchalitchimo. Mayi wina amene ankasesa, wokumba manda, ndi bambo wina amene anabwera kudzaimba belu la m'mawa. Ameneyo ndiye anandinyamula potuluka m'madzi n'kundipatsa dzina lake, monga mwa mwambo. Akuti analinso ndi kamtsikana kake, kamene kanagwira kandulo kakulira chifukwa phula linkakadonthera pazala."

Nsalu zinagwa m'manja mwanga.

"Achemwali, mwatani?"

"Palibe," ndinatero ndikutola. "Kodi mayi akowo abwera ku ukwati?"

"Ha, sangathe," anatero Hamon mwachisoni. "Miyendo inawatha, ndipo ndi ulendo wa masiku asanu. Ndawatumizira uthenga ndi anthu a ngolo za ubweya kuti angotidalitsa ali komweko."

* * *

Ndinatuluka n'kukakhala pamanda a bambo, kumwera kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wakale uja umene sugwetsa masamba. Ndinayang'ana zala zanga ngati kuti phula lija likanali pomwepo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndikukumbuka mkazi wachilendo atatsamira chipilala, wotumbuluka, atafunda bulangete la hatchi. Ndikukumbuka bambo ndi amuna awiri akukankha chitseko, chipale chikugwera m'ming'alu. Ndikukumbuka kakhanda kofiira kakumizidwa katatu, bambo n'kukalandira m'manja mwawo, wansembe akufunsa dzina, bambo akuyankha kuti, "Akhale Hamon, monga ine." Patapita masiku awiri alendowo anapita, ndipo sitinamvenso za iwo. Wansembe uja anamwalira. Wokumba manda anamwalira. Mayi wosesa uja anali Emmot, mayi wake wa Warin, nayenso ali m'manda. Za ubatizo kwathu kuno sizilembedwa paliponse, zimangokhala m'mitu ya amene analipo. Mutu wotsala m'mudzi muno unali wanga wokha.

Lamulo la mpingo palibe amene salidziwa. Wonyamula mwana pa chitsime amakhala bambo wake pamaso pa Mulungu, ndipo ana a bamboyo amakhala abale ake a mwanayo. Magazi osiyana, inde, koma madzi amodzi. Ana a chitsime chimodzi sakwatirana. Akuti olemera amatumiza anthu ku Roma kukapempha chilolezo, koma ife a Elmsey ngakhale mzinda wa bishopu ambiri sitinauone.

"Bambo," ndinalankhula ndi manda aja, "chifundo chanu cha m'mawa umodzi chatipweteka. Simukanangoimba belu lanu n'kubwerera kunyumba?"

Ndinakwiya nawo zedi, kenaka ndinachita manyazi, chifukwa chimene anachita chinali chabwino. Ndinalira mpaka belu la masana linalira.

* * *

Lamulungu lachiwiri Abambo anafunsanso. Ine ndinaima pamalo panga, kumbali ya akazi, pafupi ndi khomo lakumpoto lomwelo. Sindinakweze maso kuyang'ana chithunzi cha chiweruzo, koma ndinkachimva pamutu panga. Pakati pa okokedwa ndi unyolo pali mkazi wina wojambulidwa atagwira pakamwa. Kuyambira ndili mwana ndinkamuseka mkazi ameneyo. Tsiku limenelo sindinamuseke, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Potuluka, Warin anandidikirira pachipata chadenga, pomwe timatsitsira maliro podikira wansembe. Anavula chipewa mwaulemu. Maso ake anali ofiira ngati munthu amene sanagone masiku angapo.

"Mayi Avice, ndili ndi mawu."

"Nena msanga, mphika uli pamoto."

"Mlendo wanuyu mowa ukalowa amakamba nthano. Lachisanu anatiseketsa ndi nkhani ya khomo lokana kutseguka." Anandiyang'ana m'maso. "Nkhani imeneyo ine ndinakulira nayo. Mayi anga ankaikamba chaka chilichonse chipale chikagwa. Ankatchula ndi amene anagwira kandulo."

Lilime langa silinandithawe. "Mayi ako ankakamba zambiri, Warin. Ankatinso anaona mngelo pa nsanja ya belu, pomwe anali kadzidzi."

"Musawanyoze akufa."

"Iwe usawadzutse."

Anapotokola chipewa chake m'manja. Kunena zoona, Warin si munthu woipa. Ndinamuona akukwawa, ndinamuona akunyamula bokosi la mayi ake kudutsa pachipata chomwecho. Koma nsanje inali itamudya mpaka mafupa.

"Ine sindikufuna kumuchititsa manyazi Idony," anatero motsitsa. "Muuzeni amubweze munthuyo mwakachetechete. Anene kuti wasintha maganizo. Mlendoyo ntchito yake yatha, azipita. Ine ndimutenga Idony isanalowe Adiventi, nyengo yoletsa maukwati, ndipo nkhaniyi ifera pakati pa inu ndi ine."

"Ndiye ukuchita izi chifukwa choopa Mulungu, kapena chifukwa chofuna mkazi?"

"Zonse ziwiri," anayankha, osaphethira. "Kodi chimodzi chimafafaniza chinzake? Ngati ndili ndi nsanje, ndiye kuti iwo asiya kukhala pachibale? Lamulungu likubwerali ndi lomaliza. Mukakhala chete, ine ndilankhula, ndipo ndidzatchula dzina lanu."

* * *

Ndinasunga nkhaniyi mpaka Lachisanu masana. Tinali m'nyumba tikupesa ubweya, Idony akuimba kanyimbo. Nsalu yake ya ukwati inali pa benchi, ya mtundu wa mtambo, imene ndinasoka ndekha. Ndinaika chipeso pansi n'kumuuza zonse, kuyambira chipale mpaka mawu a Warin.

Sanakuwe, sanagwe pansi. Anangoika manja pamwendo.

"Ndinadziwa," anatero potsiriza. "Pamene nsalu zinagwa m'manja mwanu. Inu simugwetsa nsalu za paguwa, achemwali. Masiku onsewa ndakhala ndikupemphera kuti mukhale chete mpaka kufa."

"Ine ndikanatha kukhala chete. Koma Warin akudziwa."

"Warin anangomva. Woona ndi maso ndinu nokha."

"Iwe Idony, ukudziwa chimene ukundipempha? Abambo adzandilumbiritsa. Umubweze mnyamatayu. Udzalira chaka chimodzi, kenaka udzaiwala. Ine ndinaika mwamuna m'manda, koma si ndine ndili pano?"

"Muli pano, inde. Koma munasekanso liti?"

Mawu amenewo anandibaya, ndipo ndinakweza dzanja kuti ndimumenye, chinthu chimene sindinachitepo. Iye analigwira dzanjalo n'kulitsitsira pamimba pake.

"Kumubweza sikungatheke," anatero. "Tsiku lija munavomera, tinaima pakhonde la tchalitchi dzuwa likuswa mtengo. Anandigwira dzanja lamanja n'kunena kuti, ndikukutenga iwe Idony kukhala mkazi wanga. Inenso ndinanena chimodzimodzi. Mukudziwa kuti mawu amenewo akanenedwa, ukwati wamangika, wansembe alipo kaya palibe. Chinatsala ndi dalitso lokha. Tsopano miyezi iwiri yadutsa osaona kumwezi."

M'mutu mwanga ndinaona zonse zimene zikanatsata: bwalo la bishopu likuthetsa ukwatiwo, Idony akuyenda wopanda nsapato kuzungulira tchalitchi atanyamula kandulo ya kulapa, mudzi wonse ukuonerera, ndi mwana amene anthu adzamuloza chala moyo wake wonse kuti ndi mwana wa munthu ndi mlongo wake.

"Hamon akudziwa?"

"Za mwanayu akudziwa. Za chitsime ayi, ndipo musamuuze, chonde. Simumudziwa inu. Amaseka kwambiri, koma sayamba kusema asanagwade. Akadziwa apita yekha kwa Abambo, kenaka anyamula thumba lake, ndipo sindidzamuonanso." Apa ndi pamene misozi inatsika. Anagwada n'kuika mutu pamiyendo panga monga ankachitira ali wamng'ono. "Achemwali, inu ndinu mayi anga. Sindinakupempheni kanthu kena kakakulu chiyambire."

Ndinamusisita tsitsi. Sindinamulonjeze kanthu, koma sindinamukanenso.

* * *

Lamulungu lachitatu kunacha ndi mvula yowaza. Tchalitchi chinadzaza, chikununkha ubweya wonyowa ndi utsi wa makandulo. Chivindikiro chatsopano chinali chitapachikidwa pamwamba pa chitsime, ndipo aliyense wolowa ankaima kuchiyang'ana. Akazi ankagwedezana akaona mngelo wa kachipsera.

Abambo anaima pakhomo la mpanda n'kufunsa kachitatu. Kunali zii. Ndinamva madontho a mvula padenga. Mtima wanga unayamba kunena kuti mwina Warin wachita chisoni.

"Ine ndikudziwa choletsa."

Anali Warin, ndipo mawu ake anamveka mpaka ku nsanja. Anthu anapatuka, iye anatsala yekha pakati. Anafotokoza za chipale, za khomo, za mayi ake, za dzina. Anthu akale anayamba kung'ung'udza kuti chaka cha chipale chachikulu akuchikumbuka, koma m'tchalitchi m'mawa umenewo munalibe aliyense wa iwo.

"Bodza!" anakuwa mkazi wina kumbuyo kwanga. "Wakanidwa uyu, n'chifukwa chake!"

"Chete m'nyumba ya Mulungu," anatero Abambo. Anayang'ana Warin mwaukali. "Mwana wanga, mawu a womwalira sangathe kumasula kapena kumanga. Uli ndi mboni yamoyo?"

"Ilipo, Abambo. Mayi Avice anagwira kandulo."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Abambo anatenga buku la Uthenga Wabwino paguwa, anatsika, n'kuyenda pakati pa anthu mpaka kumbuyo. Analiika bukulo pamlomo pa chitsime. Madzi anali atadalitsidwa kumene, odzaza mpaka pakamwa.

"Bwera kuno, Avice."

Ndinanyamuka kulunjika kuchitsime. Ndikudutsa, Hamon anatuluka kumbali ya amuna n'kuima patsogolo panga. Nkhope yake inali yotuwa ngati phulusa, nthabwala zonse zitamuthawa.

"Alamu," anatero, "nenani zoona zokhazokha. Kaya zindipha, nenani. Ine ndikhulupirira chimene chituluke pakamwa panu."

Akanandiopseza bwenzi zili bwino. Ndinamulambalala osamuyang'ana. Idony anali ataima pa chipilala chomwe chija anatsamira mkazi wachilendo zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo, manja onse awiri atawapinda pansi pa chifuwa.

"Ika dzanja lamanja pa bukuli, lamanzere pa mwalawu," anatero Abambo. "Pano ndi pamene iwe unabadwira kwa Mulungu. Zaka khumi ndi ziwiri wakhala ukuchapa nsalu za guwa langa, ndipo sindinakumvepo ukunama, ngakhale pamene bodza likanakometsa zinthu. Ndikufunsa pamaso pa Mulungu ndi pa mzimu wako: kodi bambo ako ananyamula mnyamata uyu pa chitsime ichi?"

Mwala unali wozizira. Zala zanga zinakhudza madzi. Kuchokera pamene ndinaima, chithunzi cha chiweruzo chinkaoneka chonse, kuyambira kwa Ambuye pa mpando mpaka kwa mkazi wogwira pakamwa uja. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinaganiza za moto wosazima, kenaka ndinaganiza za mapazi a Idony akuponda miyala yozizira ya pabwalo, ndipo mapaziwo analemera kuposa motowo.

"Ayi, Abambo," ndinatero. Mawu anga anatuluka olimba, moti ndinadabwa nawo. "Bambo anga sananyamulepo mwana wa mlendo pa chitsime ichi. Kandulo imeneyo sindinagwire ine."

"Mayi Avice!" anafuula Warin. "Mzimu wanu, mayi!"

"Wakwana iwe," anatero Abambo. "Udzabwera kudzalapa chifukwa cha nsanje yakoyi. Choletsa palibe. Ukwati udalitsidwa pakhonde Lachiwiri m'mawa."

Tchalitchi chonse chinapuma. Hamon anagwada pansi pomwepo, anachita chizindikiro cha mtanda, kenaka anagwira dzanja langa lonyowalo n'kulipsompsona. "Mulungu akudalitseni, alamu," anatero akulira. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

* * *

Misa itatha anthu sanafulumire kutuluka chifukwa cha mvula. Anaunjikana kumbuyo, ena akumugwira chanza Hamon, ena akumunyogodola Warin amene anaima yekha pakona. Idony anabwera n'kundikumbatira.

Kunja kunamveka ngolo ikuima pachipata. Patapita kanthawi, chitseko chachikulu chinatseguka, ndipo mwamuna wina wa ngolo za ubweya analowa atagwiriziza mayi wokalamba, wamng'ono thupi, woyenda ndi ndodo ziwiri, chovala chake chili chonyowa.

"Pali wosema mitengo muno?" anafunsa wa ngoloyo. "Katundu wake uyu. Masiku asanu akundilalatira kuti ndikuchedwa."

"Mayi!" Hamon anathamanga n'kuwanyamula m'mwamba ngati mwana. "Mayi, mwabwera bwanji ndi miyendo imeneyi?"

"Nditsitse, wosamva iwe," anatero mayiwo akuseka. "Umati ndingamve kuti mwana wanga mmodzi yekhayo akukwatira, ine n'kukhala pansi? Ali kuti mpongozi wanga? Ndimuone amene wavomera mavuto amenewa."

Hamon anamukoka Idony padzanja n'kumubweretsa. Mayiwo anamugwira masaya, anamuyang'ana, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anatembenuka kufuna madzi odalitsidwa, ndipo maso awo anagwera pa chitsime. Anasiya kuseka. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo zawo, anawerama, n'kusisita mkango wothyoka mphuno uja. Anadzutsa mutu kuyang'ana chipilala, kenaka khomo laling'ono lakumpoto.

"Mayi Maria," ananong'ona. Nkhope yawo inawala ndi chimwemwe. "Hamon, mwana wanga, ndi pano! Mkango uwu ndinkauyang'ana pamene ankakumiza, ndikupemphera kuti usafe. Khomo lija ndi ilo! Taona mmene Mulungu amachitira, wakubweza kudzakwatira pomwe unabatizidwira!"

Anthu anayang'anana. Mayiwo sanazindikire kanthu. Anatembenukira kwa Abambo, misozi ya chisangalalo ili m'masaya.

"Abambo, kodi a Hamon aja akadali moyo, oimba belu, amene anamupatsa mwana wanga dzina? Dzina la mudzi ndinaiwala, koma anthu ake ayi. Anali ndi kamtsikana kolira ndi phula. Ndikumva mawu awo mpaka lero, akuti, Avice, gwira bwino kandulo." Anayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, akumwetulirabe. "Ali kuti mwana ameneyo? Ndikufuna ndimuthokoze."

Mkono wa malaya anga unali usanaume madzi a pachitsime. Ndinaona Hamon akutembenuka kundiyang'ana, ndipo pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, anasiya dzanja la Idony.